Ulimbo wa Nsomba ndi Mwendo wa Amayi

Kope lino ndi lachitatu. Awiri oyamba ndinawasiya ku Beira, m'manja mwa mayi Zabeta amene ndinkagwira nawo ntchito, chifukwa amayi aang'ono anati munthu wanzeru sawoloka malire ndi zolembalemba. Choncho zimene ndikulemba pano ndikuzitola m'mutu, ndipo masiku ake enieni ndinaiwala.

Zonse zinayamba ndi mwendo wa amayi. Ankaphika thobwa la pa ukwati wa mwana wa akatekisiti, fuwa limodzi n'kutsetsereka, mgolo n'kupendekeka, phala lowira n'kuwakhuthukira pa msongolo wakumanzere. Chilondacho chinapola m'mbali, koma pakati chinakana. Kuchipatala cha pa boma anawagoneka masabata atatu. Powatulutsa anawauza kuti azibwera kudzatsukitsa, ndipo anawachenjeza kuti chikadzafika pa fupa sipadzakhala kuchitira mwina koma kudula mwendo. Amayi anangomva liwu limodzi lokha, lakuti kudula. Sanabwerereko, ndipo pakhomo pathu chipatala sichinkatchulidwanso.

Abambo anamwalira ine ndili wamng'ono. Munda wathu wa mbatata ya kachewere ndi chimanga uli pamtunda, moyang'anana ndi mitengo ya paini ya m'phiri, ndipo amayi sankathanso kukwerako. Ine ndi mng'ono wanga Teleza tinkalima m'mamawa tisanapite kusukulu, koma mizere yathu inali yokhotakhota ndiponso yochepa. Chaka chimenecho nkhokwe inauma mvula isanayambe.

M'pamene anabwera amayi aang'ono a Rozina, mng'ono wawo wa amayi, amene ankagwira ntchito pa fakitale ya za nsomba ku Beira. Anafika atavala nsapato, akumveka kafungo kena kamene sopo ankalephera kubisa.

"Achemwali, ndipatseni wamkuluyu," anatero. "Kumene ndili akufuna atsikana osamala. Azikutumizirani kangachepe."

Amalume a Gabiriyele, amene amacheka matabwa ku phiri, anaseka. "Ameneyu? Woti ukamutuma kukapala moto amaima kuseri kwa nkhokwe mpaka eni ake amuone okha?"

"Nsomba sizifuna kulonjeredwa, achimwene," anayankha amayi aang'ono.

Amayi sanaseke nawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, dzanja likuingitsa ntchentche pa nsanza ya pamwendo. "Ukufuna kupita, mwanawe?"

Ndinavomera ndi mutu. Kunena zoona sindinkafuna. Koma ndinkaganiza kuti kumene kumafika sitima zapamadzi sikungasowe mankhwala a chilonda chimodzi chokha.

Tinanyamuka m'mawa wa nkhungu, phiri lisakuoneka. Amayi sanathe kutiperekeza. Anatsala pakhonde atandiveka korona yawo m'khosi. Pokwera basi pa boma, achinyamata a chipani anaima pakhomo kufuna makhadi. Langa amayi aang'ono anali atandigulira kale. Mmodzi wa iwo anawerenga dzina langa mokweza, n'kufunsa kumene tikupita.

"Kumaliro, ku Balaka," anayankha amayi aang'ono osaphethira n'komwe.

Ku Balaka tinakwera sitima. Ndimakumbukira mlatho wautali wa pa Zambezi, asilikali a Chipwitikizi oyendayenda m'mabogi ndi mfuti, ndi kutentha konga kwa m'ng'anjo ya njerwa. Juzi yanga ya kusukulu ndinaivula tisanafike, ndipo sindinaivalenso zaka ziwiri.

Fakitale inali kuseri kwa doko, nyumba yaitali ya malata ya mzungu wina amene tinkangomuona akudutsa pa galimoto. Inkagula zimene ogulitsa nsomba amataya: zikopa, mitu, mafupa, ndi timatumba ta mpweya timene timakhala m'mimba mwa nsomba zazikulu za m'nyanja yamchere. Ine nsomba imene ndinkaidziwa inali usipa wouma wa pamsika. Kumeneko ndinaona chikopa cha nsomba imodzi chokwana kufunditsa mwana.

Ntchito inali mbali ziwiri. Kumbali yakuda zikopa tinkazipala mamba, kuziviika m'madzi a laimu uja wopaka m'makoma, kuzitsuka mobwerezabwereza mpaka mchere utatha, kenako amuna ankaziphika m'migolo ikuluikulu pamoto wosakalipa mpaka zitasungunuka. Msuzi wake ukasefedwa n'kuphikidwanso unkasanduka guluu wofiirira, ife tinkangoti ulimbo. Unkapita kwa akalipentala, osoka nsapato, ndi omata mabuku ndi mabokosi a machesi. Kumbali yoyera kunkalowa timatumba ta mpweya tokha. Ankating'amba, kutitsuka, kuchotsa timitsempha ta magazi, kutipsinya pakati pa zitsulo ziwiri zozungulira mpaka titapyapyala, n'kutiyanika pa waya. Tikauma tinkaonekera kuseri ngati galasi lothimbirira. Akazi ankazitcha zigamba. Zinkakwera sitima yapamadzi kupita kwa opanga mankhwala, kukapangira mapulasitala omata pa mabala ndi timakoko ta mankhwala omeza, ndipo zina zinkapita kwa ofulula mowa wa m'mabotolo kuti uziyera.

Ine anandiika posankha zikopa, pambali pa mayi Zabeta, Msena wachikulire wa manja ong'aluka ngati dambo la m'chilimwe. Chisena ndi Chichewa n'zapachibale, moti tinkamvana ndithu.

"Mwana wa kuphiri, usakhulupirire maso," anandiuza tsiku loyamba. "Chikopa chitha kuwala pamwamba, mkati chitafa kale. Nunkhiza chimodzichimodzi. Chowola chimodzi chikalowa mumgolo, mgolo wonse wapita, ndipo kapitawo ayamba ndi iwe n'kumalizira ine."

Mwezi woyamba ndinkasanza kuseri kwa thanki. Kenako mphuno inaphunzira. Pali fungo la nsomba chabe, limenelo silivuta. Pali la mchere ndi dzuwa. Ndiye pali lina lolemera, lokhala ngati lozuna, limene limatsala kukhosi. Chikopa chotero n'chotaya, ngakhale chioneke bwino chotani.

Tinkagona kukomboni, akazi asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi cha malata, udzudzu uli wachisanu ndi chiwiri. Mumsewu anthu ankatipatuka, ndipo ku Misa tinkakhala benchi yakumbuyo tokha, popanda wotiuza. Laimu ankatidya zala. Tikaweruka, mayi Zabeta ankandipaka mafuta a kokonati m'ming'alu, akunditukwana kuti ndili ndi manja a mwana wa mphunzitsi. Akandiona ndikulemba mu kope ankati, "Lembamonso kuti Zabeta anali wokongola pa utsikana wake." Ndinalembadi. Zimene ndinkapeza ndinkapereka kwa amayi aang'ono, iwo n'kumatumiza kumudzi pamodzi ndi sopo ndi mchere kudzera mwa anthu opita kwathu.

Tsiku lina mayi wina wa m'chipinda chathu, Luwiza, anapunthwa pafupi ndi migolo, ulimbo wotentha n'kumuthira pa mkono. Kukuwa kwake kunandikumbutsa tsiku la thobwa lija. Mayi Zabeta anamukokera pa mpope n'kumugwira mkono m'madzi nthawi yaitali. Kenako analowa kumbali yoyera osapempha, anatenga chigamba, anachiviika m'madzi owiritsa ozizira mpaka chitafewa, n'kuchiyala pa bala ngati akufunditsa khanda. Kapitawo anayang'ana kudenga.

Ndinayamba kulemba za mkono wa Luwiza tsiku ndi tsiku. Chigamba chinagwira. Ululu unachepa. Chikayamba kusungunuka, mayi Zabeta ankatsuka n'kuika china. Patapita masabata awiri ndi masiku, pansi pake panali khungu latsopano, lofiira, losalala. Ndinaligwira ndi chala. Bala la Luwiza linali lalikulu kuposa mmene ndinasiyira chilonda cha amayi.

Panali Mmwenye wina wa ku Goa, a Pinto, amene ankayeza ulimbo m'timabotolo m'kachipinda kawo. Zinanditengera masabata atatu kuti ndigogode pa chitseko chawo. Kawiri ndinafika pakhomo n'kubwerera. Kachitatu mayi Zabeta anandikankha kumbuyo.

"Mwana uyu ali ndi funso, bwana. Akapanda kufunsa lero atupa."

Ndinafotokoza ndikuyang'ana mapazi awo. A Pinto ankalankhula Chisena chothyokathyoka, koma ndinamva zonse. Anati chimene timaphika m'fakitalemo chilinso m'khungu langa, m'mitsempha ndi m'mafupa. Dzina lake ndi kolajeni, ndipo ndicho chimagwira thupi la nsomba ndi la munthu kuti lisamwazike. N'chifukwa chake khungu la munthu silichikana msanga chigamba.

"Chilonda cha amako n'cha masiku angati?"

"Chadutsa chaka, bwana."

Anavula magalasi. "Tamvera bwino. Chilonda chikakhala choyera, chofiira, chosanunkha, chigamba chimaphimba kuti khungu limere. Chikakhala chowola, usayerekeze. Kuli ngati kutsekera njoka m'nyumba. Chowola n'cha dokotala. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

"Zong'ambika timataya. Ine sindiwerenga zotaya. Koma mlonda wa pa geti si ine."

Mlonda ameneyo anali ndi chikwapu cha chikopa cha mvuu, ndipo ankapisa m'mitanga ya aliyense potuluka. Wogwidwa ndi kanthu ankachotsedwa ntchito pomwepo, wachibale wake naye n'kutsatira. Ndinkatulutsa chigamba chimodzi patsiku, nditachipinda mkati mwa duku. Tsiku lina anandiimitsa.

"Iwe, duku lako likuuma bwanji ngati lili ndi sitachi?"

Anatambasula dzanja. Pomwepo mayi Zabeta anadzipanikiza pakati pathu, n'kuvula duku lawo, imvi zonse poyera.

"Ukufuna kuona mitu ya akazi? Yamba ndi wanga, mwamuna wanga! Zaka khumi ndikudutsa pano osandigwirako, lero wasankha kamwana kopanda ndi mabere komwe? Anzanga, mwamuonatu!"

Akazi onse anakuwiza. Wina anayamba kuimba nyimbo ya pa ukwati. Mlonda anatukwana n'kutikankhira kunja tonse. Titakhota pa ngodya, mayi Zabeta ananditsina khutu. "Mawa uike m'chiuno, chitsiru iwe."

Zigamba zitakwana khumi, ndinazikulunga m'nsalu yoyera. Ndinalemba kalata ya masamba awiri, yofotokoza zonse mwadongosolo: kuti zimenezi ndi mankhwala, kuti ayambe apita kuchipatala akatsukitse chilonda, kuti chikakhala chikununkha asaike, kuti madzi oviikira akhale owiritsa. Ndinaiwerenga katatu. Phukusilo amayi aang'ono anakalipereka kwa bambo wina wa kwathu wogwira ntchito pa doko, amene ankapita kutchuthi.

Ndinadikira miyezi. Uthenga woyamba unabwera pakamwa: katundu anafika, akuthokoza kwambiri, mwendo uli chomwecho. Sindinamvetse. Ndinkadzifunsa ngati anaviika m'madzi osawiritsa, kapena ngati a Pinto analakwitsa. Uthenga wachiwiri unabwera nyengo ya mvula itatha: amayi sakupitanso kutchalitchi, ndipo satulukanso panja.

Tsiku limenelo tinali pa mpope wa kukomboni, tikuchapa. Ndinauza amayi aang'ono kuti ndikupita kwathu. Anapitiriza kufikisa chitenje chimodzi nthawi yaitali, kenako anati, "Kalata ija ndinaichotsa."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Mwamuna uja anakana kuinyamula. Pamalire amawerenga chilichonse. Kalata yochokera kuno, ya masamba awiri, yonena za mankhwala ndi madzi owiritsa, ukuganiza akanati chiyani? Sunamve za mphunzitsi wa kutsidya kwa dambo kwathu kuja? Analandira kalata ya kunja, galimoto inabwera, mpaka lero. Ukanafuna kuti amalume ako akayankhe mafunso?"

"Ndiye akanadziwa bwanji, amayi?"

"Ndinamuuza pakamwa kuti akanene."

"Anakanena?"

Anakamula chitenje chija mpaka zala kuyera. "Munthu wake ndi uja amaiwala chipewa chili kumutu."

Sindinkadziwa kuyankha akulu. Ndinatulutsanso zigamba zitatu m'masiku atatu, n'kuzisokerera mkati mwa pilo. Mayi Zabeta anandiperekeza kusiteshoni, anandipatsa kabotolo ka mafuta a kokonati, n'kunena kuti ndisalire chifukwa ndimaoneka ngati chule. Iwo ndi amene ankalira. Amayi aang'ono anatsala, sanafune kutaya malo awo.

Pamalire anakhuthula katundu wanga yense pansi. Anatsegula buku langa la mapemphero tsamba ndi tsamba. Mayi wina wovala yunifolomu anafinya pilo, chinachake n'kulira mkati ngati tsamba louma. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana korona yanga. Anainunkhiza pilo ija, anakwinya nkhope, n'kundiponyera. "Mumagonera nsomba kumeneko? Chotsa, zikununkha!"

Ndinafika kwathu masana, mphepo ya mwezi wa June ikulowa m'mafupa. Teleza ndinamupeza akupeta nyemba. Anali atatalika kundiposa, sukulu atasiya, ndipo ankalankhula mwachidule ngati mayi wa ana atatu. Amalume anali atasankhidwa kukhala apampando a nthambi ya chipani m'mudzi mwathu, ndipo anthu ankawavulira zipewa. Amayi sanali m'nyumba yaikulu. Anali atasamukira okha m'kakhitchini ka kuseri, ati kuti azimva moto.

Ndisanafike pa chitseko cha kakhitchiniko ndinaima. Fungo lake linali lachitatu lija, lolemera, lotsala kukhosi.

Anali ataonda, maso atalowa, koma anandikumbatira mwamphamvu. Thupi lawo linali lotentha. Amalume anabwera kudzandilonjera, n'kukhala pa mtondo pakhomo. Nditayankha za ulendo, ndinafunsa za phukusi lija.

"Nsomba zako zija?" anatero Teleza, n'kuseka koyamba chifikire changa. "Achemwali, kumeneko mumadya zimenezija? Bambo uja anangosiya pa golosale, akuti za kwa mwana wanu. Amayi anati zinthu zoyera chonchi, zochokera kutali, si zodya tokha. Tinasunga mpaka tsiku la ubatizo wa mwana wa amalume. Ndinaviika, ndinatsira tomato ndi nsinjiro. Pobwera kudzavundula, nsomba palibe, mumphika monse muli phala lomata!"

"Tinadyabe," anatero amalume. "Zakunja sataya."

Teleza anapitiriza: "Akatekisiti milomo inamatana, pemphero lomaliza anachita kung'ung'udza. Mbale tinatsuka masiku awiri."

Amayi nawo anamwetulira. Ine misozi inangoyamba yokha. Zigamba khumi, chimodzichimodzi pamaso pa mlonda uja, pa nthawi imene mwina chilonda chinali chisanafike pamenepa.

"Sizinali ndiwo," ndinatero. "Anali mankhwala a mwendo."

Ndinafotokoza za Luwiza, za kalata, za amayi aang'ono. Amalume anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndiye tinadya mankhwala a mlongo wanga ndi tomato?" Kenako anadzuka. "Zatsalako?"

Ndikanatha kunama. Sindinazolowere. Ndinasolola ulusi wa pilo n'kutulutsa zitatu zija. Amayi anatenga chimodzi, anachiyang'anitsa pa kuwala kwa pakhomo.

"Mulungu ndi wamkulu," ananong'ona. "Ndinkadziwa kuti sindidzadulidwa. Ika, mwanawe. Teleza, tereka madzi."

"Ndione kaye chilonda, amayi."

Ndinamasula nsanza pang'onopang'ono. Pansi pake panali masamba osinja amene amalume ankatenga kwa munthu wina wa ku Chongoni. Nditawachotsa ndinaona m'mbali mwakuda, mafinya, ndi pakati kanthu kotuwa kolimba. Linali fupa. Mwendo unali utatupa mpaka m'bondo, khungu likunyezimira. Teleza anayang'ana kumbali. Ine ndinaweramira pafupi, monga ankandiphunzitsira mayi Zabeta, ngakhale kuti yankho ndinali nditalidziwa ndili panja.

"Sindiika," ndinatero.

"Wati chiyani?" anafunsa amalume.

"Pa chilonda chotere saika. Chikaphimbidwa, zoipa zonse zilowa mkati. Akufunika kuchipatala, lero."

"Tamumvani! Wapala mamba zaka ziwiri, wabwera ali dokotala. Ukudziwa chimene akachite kumeneko? Ine ndimacheka mitengo tsiku ndi tsiku, sindinaonepo umodzi ukuphukanso. Ukufuna amako akhale chitsa?"

"Ayi, amalume."

"Ndiye ika! Kapena bweretsa kuno, ndiika ndekha. N'chovuta chiyani, si kuviika basi?"

Anatambasula dzanja. Ndinkadziwa kuti aikadi, ndipo amayi adikira sabata, kenako ina, akukhulupirira mankhwala a kunja amene mwana wawo anabweretsa. Zigambazo zikanakhala m'nyumbamo, palibe akanatchula chipatala. Ndinatenga chimene chinali pa miyendo ya amayi, ndinaphatikiza ndi ziwiri zija, n'kuziponya pamoto.

Zinapindika, zinachita thovu, zinada. Teleza anakuwa. Amalume anayesa kuvuula ndi chikuni koma zinangomatirira ku chikunicho. Anatembenuka dzanja lili m'mwamba. Sindinathawe. Dzanjalo linakhala m'mwamba kanthawi, kenako analitsitsa n'kutuluka.

"Tuluka nawe," anatero amayi, nkhope atalozetsa kukhoma.

Sindinatuluke. Aka kanali koyamba kuwakanira chinthu chibadwire changa. Ndinagwada pafupi ndi mphasa yawo, mawu akutuluka aang'ono ngati a mwana.

"Amayi, kumene ndinali ntchito yanga inali imodzi yokha, kununkhiza n'kusiyanitsa chamoyo ndi chakufa. Sindinalakwitsepo mgolo ndi umodzi womwe. Mwendowu pansipa unapita kale. Chatsala n'chakuti utenge inu kapena muusiye upite wokha."

Panja nkhuku zinkapalasa.

"Teleza," anaitana amayi osatembenuka. "N'zoona kuti ndikununkha?"

Teleza anayamba kulira. "Kuyambira nthawi ya dzinja, amayi. Anthu akabwera amaima patali. Tinkaopa kukuuzani."

"Achimwene akudziwa?"

"Amatafuna fodya asanalowe muno."

Amayi anatseka maso. "Kawaitane."

Amalume sanandiyang'ane pobwera. Anamvetsera mlongo wawo ataima pakhomo, anapukuta kumaso ndi chipewa, n'kunyamuka kupita ku phiri. Dzuwa lisanalowe anabwera ndi lole yonyamula matabwa. Tinawayalira amayi matiresi a udzu pamwamba pa matabwa a paini, ine ndi Teleza titawagwira uku ndi uku, amalume ataima kumbuyo kutchinga mphepo ndi jekete lawo. Pa bampu iliyonse amayi ankaluma chitenje.

Anawadula mwendo m'mawa mwake, pamwamba pa bondo. Adokotala anauza amalume kuti tikanachedwa sabata ina bwenzi tikukamba za maliro, ndiponso kuti tikanabwera miyezi ingapo m'mbuyomo bondo likanatsala. Mawu achiwiriwo ndinawamva ndili kuseri kwa chitseko, ndipo sindinawauzepo munthu mpaka pano.

Amayi anakhala m'chipatala mwezi ndi theka osandilankhula. Phala ankalandira kwa Teleza. Ine ndikabweretsa madzi osamba ankayang'ana pawindo mpaka nditatuluka. Titabwerera kumudzi zinali chimodzimodzi. Ndinkalima, kutunga madzi, kukatola nkhuni m'mphepete mwa nkhalango, ndi kuwachapira nsalu zomangira bala, iwo n'kumauza Teleza kuti, "Umuuze mkulu wako atseke nkhuku," ine ndili pomwepo. Amalume anawasemera ndodo ziwiri zoyendera. Poyamba ankagwa. Ndikathamanga kukawadzutsa ankandikankha ndi chigongono.

Tsiku lina m'mawa, sukulu zitatsegulira, ndinatenga khasu kuti ndizipita kumunda. Ndinawapeza amayi ataima pakati pa bwalo, pa ndodo zawo, popanda wowagwira. Anali atafika okha kuchokera kunyumba, ndipo mphumi yawo inali thukuta lokhalokha ngakhale kunkazizira. Pa phewa anali atakoleka juzi yanga ya kusukulu, atasoka pamene panadyedwa ndi njenjete.

"Ika khasulo pansi," anatero. Anauza ine, osati Teleza.

"Kumunda kulibe munthu, amayi."

"Nyemba ndisenda ndekha nditakhala, kumtunda achimwene apeza aganyu. Ndalankhula kale ndi aphunzitsi aakulu, za iwe ndi za mng'ono wako yemwe. Vala."

Ndinaima chilili, khasu lili m'manja. Anasuntha ndodo imodzi kutsogolo, kenako inayo, mpaka anafika pamene ndinali. Anandiponyera juzi ija kumaso.

"Ukuyang'ana chiyani? Wandisiyira mwendo umodzi, koma ndi wokwana kukuthamangitsira kusukulu. Fulumira, belu likulira."